Jenereta ya ndege ikachotsedwa: zimene zimachitika isanabwererenso mumlengalenga

Anthu ambiri akamva za kukonza ndege amaganiza za amakaniko atakwera pamakwerero, atatsegula zivundikiro za injini, sipanala ili m'manja. Ntchito imeneyo ilipodi, koma chipangizo cha magetsi chikavuta, amene ali pabwalo la ndege nthawi zambiri sachimasula n'komwe. Amachichotsa, amaikapo china chimene chili ndi zikalata zake, amayesa ngati zonse zikuyenda, ndege n'kunyamuka. Chovutacho amachimangirira kakhadi kolembapo vuto lake, maola amene chagwira ntchito ndi nambala ya ndege imene chachokamo, kenako amachitumiza kumalo okonzera zipangizo, amene mwinanso ali m'dziko lina. Ntchito ya kumeneko okwera ndege saiona, komabe miyoyo yawo imadalira kwambiri anthu amene amaigwira.

Tiyambe ndi magetsi enieniwo. M'nyumba, magetsi amasintha mbali ka 50 kapena ka 60 pa sekondi, kutengera dziko. M'ndege zikuluzikulu zambiri amasintha ka 400 pa sekondi, pa mavoliti 115, ndipo pambali pake pali magetsi osasintha mbali a mavoliti 28, amene amayendera limodzi ndi mabatire. Chifukwa chake ndi kulemera. Magetsi akamasintha mbali mofulumira, thiransifoma kapena mota ya mphamvu yomweyo imafuna chitsulo chochepa, choncho imakhala yaing'ono ndi yopepuka. Koma kupepukako kumabwera ndi mavuto ake. Kachipangizo kakang'ono kakugwira ntchito ya chachikulu, kamazungulira mothamanga kwambiri ndipo kamatentha. Jenereta imodzi ya painjini ya Airbus A320 imatulutsa 90 kVA (muyezo wa mphamvu ya jenereta), komabe ndi chinthu choti munthu akhoza kuchikumbatira ndi manja awiri.

Palinso vuto lina. Injini ya ndege sizungulira pa liwiro limodzi: ponyamuka imathamanga, potsika imafatsa. Koma jenereta yoti itulutse magetsi osintha mbali ka 400 pa sekondi osasunthika iyenera kuzungulira mofanana nthawi zonse. N'chifukwa chake pakati pa injini ndi jenereta pamakhala makina a magiya ndi mapampu a oyilo, amene amalandira liwiro losinthasintha n'kupereka losasintha. Makinawa ndi jenereta zikamangidwa pamodzi zimatchedwa IDG. Wokonza IDG ayenera kudziwa magetsi, magiya ndi kayendedwe ka oyilo zonse pamodzi, pakuti oyilo yemweyo ndi amene amayendetsa mapampu, kufewetsa magiya ndi kuziziritsa makoyilo. Tizitsulo tikapezeka m'fyuluta, ndiye kuti china chake m'kati chayamba kudyeka, ndipo tapita kale paliponse pamene oyiloyo anadutsa.

Ndege zing'onozing'ono za mapulopela ndi mahelikopita ambiri zili ndi chipangizo china chotchedwa starter-generator. Polizitsa injini chimakhala mota, kukoka magetsi ochuluka zedi kuchokera kubatire kwa masekondi ochepa. Injini ikalira chimasanduka jenereta. Chimenechi ndi chimene chimaonetsa bwino ntchito yonseyi, chifukwa chili ndi pafupifupi chilichonse chimene chimatha kuwonongeka: mabulashi, makoyilo, maberingi ndi shafiti.

Kukonza ndi overhaul si chinthu chimodzi

Kukonza wamba ndi kupeza chimene chavuta, kuchisintha, n'kuyesa ngati chipangizocho chabwerera mwakale. Overhaul imapita patali. Malamulo a ku America, mu 14 CFR 43.2, salola munthu kulemba kuti chipangizo chachitidwa overhaul pokhapokha chitamasulidwa, kutsukidwa, kuunikidwa, kukonzedwa pofunika kukonza, kumangidwanso ndi kuyesedwa motsatira miyezo yovomerezeka. Ndipo nthawi zambiri overhaul sidikira kuti chinthu chife. Ma starter-generator ambiri amachotsedwa akakwana maola pafupifupi 1,000, ngakhale akugwira ntchito bwinobwino. Kwa munthu wozolowera kukonza chinthu chikafa, izi zimaoneka ngati kuwononga ndalama. Ine ndimaona kuti mtima wa ntchitoyi uli pomwepa. Funso la wokonza sikuti kodi chipangizochi chikugwira ntchito lero, koma kuti kodi tingatsimikize ndi miyezo kuti chigwirabe ntchito maola onse mpaka chidzabwerenso patebulo pano.

Chipangizo chilichonse chili ndi buku lake lochokera kwa amene anachipanga, lotchedwa Component Maintenance Manual, mwachidule CMM. M'bukuli muli zonse: dongosolo la kamasulidwe, mankhwala otsukira ololedwa, malire a kudyeka kwa kachitsulo kalikonse, mtundu wa girisi, mphamvu yomangira bawuti iliyonse, ndi mayeso omaliza. Mabuku a ndege amagawidwa m'machaputala a nambala zofanana padziko lonse, ndipo za kupanga ndi kugawa magetsi zili mu chaputala 24. Wokonza waluso sagwira ntchito ndi zimene akukumbukira pamtima, ngakhale chipangizocho atachimasulapo kambirimbiri, chifukwa bukulo limasinthidwa. Wopanga akapeza vuto amatulutsa Service Bulletin, ndipo boma likaona kuti vutolo ndi loopsa limatulutsa Airworthiness Directive, lamulo loti zisinthidwe mosanyengerera. Musanagwire sikuludilaivala mumayamba mwaona ngati buku lanu ndi la masiku ano.

Chinthu chikafika, sachimasula nthawi yomweyo. Amayamba achiyesa mmene chabwereramo, ngati n'kotheka kutero popanda kuchiwononga. Mukathamangira kumasula, mumafafaniza umboni. Waya amene anali wolowa theka mumamukoka osadziwa, fumbi limene linkapangitsa shoti mumalipukuta, ndipo pamapeto mumamanga chinthu choyera osadziwa chimene chinkachivuta.

M'kati mwa starter-generator

Mabulashi ndi tizidutswa ta kaboni timene timakanikizidwa ndi masipuling'i pa commutator, mkombero wa tizigawo ta kopa wozungulira limodzi ndi shafiti. Magetsi onse olowa ndi otuluka amadutsa pamene kaboni wakhudza kopa. Mabulashi anapangidwa kuti azidyeka, ndipo pa overhaul amasinthidwa onse. Koma wokonza wanzeru amawayang'anitsitsa asanawataye. Ngati bulashi imodzi yafupika kuposa zinzake, mwina sipuling'i yake ikukanikiza mopitirira, kapena magetsi sakugawanika mofanana. Ngati m'mphepete mwathetheka, commutator ikudumphadumpha chifukwa siilinso yozungulira bwino. Ngati pali zipsera, panali kuthetheka kwa moto.

Pali chinthu china chodabwitsa pa mabulashi a ndege. Kaboni amatsetsereka bwino pa kopa chifukwa cha kakhungu kopyapyala kofiirira kamene kamapangika pa commutator, ndipo kakhunguko kamafuna chinyezi cha mumpweya. Kumwamba kwambiri mpweya ndi wouma. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ndege zitayamba kuuluka m'mwamba kuposa kale, mabulashi a majenereta ankatha m'maola ochepa, kusanduka fumbi. Yankho linali kusakaniza kaboniyo ndi mankhwala ofewetsa monga molybdenum disulfide. Choncho bulashi yofanana kukula ndi maonekedwe koma ya kaboni wina si yolowa m'malo mwa inzake. Pansi igwira ntchito bwino, iyesedwa n'kupambana, koma kumwamba isungunuka ngati choko.

Commutator ikakhala ndi mizere kapena yasiya kuzungulira bwino, amaipala pamakina pang'ono chabe, chifukwa buku limanena pamene kupalako kuyenera kulekera. Mukapitirira, armature yonse, chigawo chozungulira chokhala ndi makoyilo, yatha ntchito. Pakati pa tizigawo ta kopa pali mica wotchinga magetsi. Mica ndi wolimba kuposa kopa, motero kopa akamadyeka iye amatsala atatukuka n'kumakweza mabulashi. Amamudula kuti alowe pansi pang'ono, kamzere kalikonse pakokha, n'kuchotsa tinyenyeswa tonse. Posalaza sagwiritsa ntchito nsalu ya emery, chifukwa timchenga take timatha kutsalira m'mizere n'kulumikiza tizigawo toyandikana. Mabulashi atsopano nawonso amayamba awazoloweretsa, kuti nkhope yake ipindike mofanana ndi commutator n'kukhudza pafupifupi ponse. Bulashi yokhudza ndi ngodya yokha imapititsa magetsi onse pakamalo kakang'ono, ndipo polizitsa injini koyamba imapsa.

Makoyilo amayesedwa m'njira zingapo. Armature amaiika pa chida chotchedwa growler, chimene chimapanga mphamvu ya maginito yosinthasintha. Akaika kachitsulo kopyapyala pamwamba n'kumatembenuza, kachitsuloko kamanjenjemera pamene pali koyilo ya shoti. Kenako pali megger, imene imapereka mavoliti ambiri, kawirikawiri 500, pofuna kuona ngati magetsi akudontha kuchoka m'waya kupita kuchitsulo. Mita wamba singaone zimenezi, chifukwa batire lake laling'ono silingaboole vanishi yofooka yokuta mawaya. Fumbi la kaboni ndi chinyezi zimatsitsa kwambiri zotsatira za megger, n'chifukwa chake makoyilo amatsukidwa ndi kuumitsidwa mu uvuni asanaweruzidwe. Mayeso ena a mavoliti okwera kuposa pamenepo amachitika pokhapo pamene buku lalamula, pakuti kuwabwereza kumafooketsa vanishi yomwe mukuiyesayo.

Maberingi pa overhaul amangosinthidwa, ndipo ambiri amene amafa msanga amakhala kuti anavulazidwa tsiku lowaika. Kumenya beringi ndi hamala, kapena kuikanikiza pa mkombero wolakwika, kumasiya timaenje tosaoneka ndi maso mmene timipira timadutsa. Ikamazungulira maulendo masauzande pa mphindi, timaenjeto timakula. Armature ikapalidwa kapena kukulungidwanso mawaya, amaipima pamakina kuti kulemera kwake kufanane mbali zonse. Shafiti yolumikiza ku injini ili ndi malo amodzi opyapyala mwadala, oti athyoke jenereta ikagwirana, kuti isawononge magiya a injini. Shafiti ikabwera yothyoka pamenepo, yagwira ntchito yake. Chofunika ndi kupeza chimene chinaichititsa kuthyoka.

Pomanga, bawuti iliyonse imamangidwa ndi sipanala yopima mphamvu, ndipo zambiri zimalumikizidwa ndi kawaya kopota kamene kamakokera mbali yomangira, kuti kunjenjemera kusazimasule. Zida zoyezera nazo zimayesedwa pa nthawi yoikika, ndipo chilichonse chili ndi chizindikiro cha tsiku limene chidzafunike kuyesedwanso. Sipanala imene yagwa pansi siigwiranso ntchito mpaka itapimidwa.

Pomaliza chipangizocho chimakwezedwa pamakina oyesera, amene amachizunguliza ngati injini ndi kuchisenzetsa katundu wa magetsi. Amaona mavoliti pa liwiro lochepa ndi lalikulu, kutentha, kunjenjemera, kuthetheka pa mabulashi, ndi mphamvu yake chikamagwira ntchito ngati mota. Manambala onse amalembedwa. Kungolemba kuti "zili bwino" sikuthandiza amene adzachilandire chikadzabweranso.

Mamota okoka ndi kukankha

Ndege ili ndi timamota tambiri tobisika: totsegula mavavu a mafuta ndi a mpweya, toyendetsa mapampu, tosuntha mbali zina za mapiko ndi za kumchira. Ambiri mwa makina okoka ndi kukankha amenewa, otchedwa ma actuator, ndi mota, magiya, buleki yaing'ono, maswitchi oimitsa pamalire, ndi chitsulo chachitali cha mazinga chimene chimasandutsa kuzungulira kukhala kukankha. Mbali ya magetsi imatha kukhala yabwinobwino pamene mazinga akutha mwakachetechete. Pa 31 January 2000, ndege ya Alaska Airlines ya mtundu wa MD-83 inagwera m'nyanja ya Pacific pafupi ndi California, ndipo anthu onse 88 anafa. Ofufuza a NTSB, bungwe la ku America lofufuza ngozi, anapeza kuti mazinga a nati ya chitsulo chosuntha chipsepse cha kumchira anali atadyekeratu chifukwa chosowa girisi wokwanira, komanso kuti nthawi yapakati pa kupaka girisi ndi yapakati pa kupima kudyekako inali itatalikitsidwa.  Ndikamva wina akupeputsa ntchito yopaka girisi kapena yopima kagwedegwede wa nati, ngozi imeneyi ndi imene imandibwerera m'mutu.

Mabatire ali ndi chipinda chawochawo. A nickel-cadmium, amene ali m'ndege zambiri, amakhala ndi maselo pafupifupi 20 a mavoliti 1.2 lililonse. Pakapita nthawi maselowo amasiyana mphamvu, choncho batire amalikhuthula mpaka litatheratu, selo lililonse palokha, n'kulitchajanso kenako kuyesa ngati likusunga moto wokwanira. Madzi amawonjezera kumapeto kwa kutchaja kokha, chifukwa ndi pamene mlingo wake weniweni umaoneka. Mukathira lili lopanda moto lidzasefukira m'ndege. Madzi a batire limeneli ndi potassium hydroxide, pamene a batire la mtovu ndi asidi, ndipo ziwirizi zimaonongana, motero zida ngakhale zipinda zake sizisakanizidwa. Choopsa chachikulu ndi kutentha kodzikoleza kokha: selo likatentha limakoka magetsi ambiri, ndipo likakoka ambiri limatenthanso. Mabatire a lithium-ion ali ndi vuto lofananako koma laukali. Mu January 2013, batire litayaka m'ndege ya Japan Airlines itaima ku Boston, ndi lina litavuta m'ndege ya All Nippon Airways ku Japan, ndege zonse za Boeing 787 zinaimitsidwa kwa miyezi pafupifupi itatu, mpaka batirelo litakonzedwanso ndi kuikidwa m'bokosi lachitsulo lokhala ndi paipi yotulutsira utsi kunja.

Mawaya kwa zaka zambiri ankatengedwa ngati chinthu choika kamodzi n'kuiwala. Ngozi ziwiri zinasintha maganizo amenewo. Pa 17 July 1996, Boeing 747 ya TWA inaphulika itangonyamuka ku New York, anthu 230 n'kufa. Ofufuza anaona kuti thanki ya mafuta yapakati inaphulika, ndipo chimene chiyenera kuti chinayatsa ndi shoti imene inalowetsa magetsi ochuluka m'mawaya opimira mafuta. Pa 2 September 1998, MD-11 ya Swissair inagwera m'nyanja pafupi ndi Nova Scotia ku Canada, anthu 229 n'kufa, moto utayamba pamwamba pa denga la chipinda cha oyendetsa, pamene panapezeka mawaya okhala ndi zipsera za kuthetheka kwa magetsi pafupi ndi zofunda zotchingira kutentha zimene zimagwira moto. Mu 2007 bungwe la FAA, loyang'anira za ndege ku America, linakhazikitsa malamulo otchedwa EWIS, amene amati mawaya, zolumikizira ndi zomangira zake ndi dongosolo lofunika kuliyang'anira ngati lina lililonse. Kwa wokonza, izi zikutanthauza kusamala pa zinthu zooneka zazing'ono: kusenda waya osadula ulusi wake ngakhale umodzi, kufinya pini ndi chida chake chenicheni chimene chapimidwa, kusasiya tinyenyeswa ta chitsulo pamtolo wa mawaya. Ndege ya Airbus A380 ili ndi mawaya otalika pafupifupi makilomita 500.

Chipangizo chimene chimakana kudwala pamaso pa dokotala

Mutu umene umazunguza kwambiri anthu a ntchitoyi ndi chipangizo chimene woyendetsa ndege wadandaula nacho, koma chikafika patebulo chimapambana mayeso onse. Pakhadi amalemba NFF, kutanthauza kuti vuto silinapezeke. Nthawi zina chipangizocho chilibedi vuto: cholakwika chinatsala m'ndege, m'waya kapena m'cholumikizira, ndipo anachotsa chosalakwa pothamangira kuti ulendo usachedwe. Koma nthawi zina vuto lilimo, kungoti limaoneka kumwamba kokha. Pamtunda umene ndege zikuluzikulu zimauluka, kunja kumazizira kupitirira madigiri 50 pansi pa ziro, ndipo maola ochepa pambuyo pake ndege yomweyo yaima padzuwa lotentha. Zitsulo zimafufuma ndi kukhwinyata. Kamng'alu ka pamalo owotcherera kamatseguka kukazizira n'kutsekeka kukatentha. M'chipinda chofunda bwino, patebulo losagwedera, kamng'aluko kamagwirana ndipo mita imati zonse zili bwino.

Malo okonzera abwino sathamangira kusayina. Amaika chipangizocho m'bokosi lozizira ndi lotentha chikugwira ntchito, amachigwedeza, amayang'ana malo owotcherera pa maikulosikopu, ndipo amafufuza mbiri ya nambala yake. Chikakhala kuti chachotsedwa m'ndege zosiyanasiyana pa dandaulo lomwelo m'miyezi yochepa, ndiye kuti mayeso a m'buku sakugwira vutolo, ndipo kuchibweza ndi kutumiza vutolo kwa anthu ena. Pamabolodi a zamagetsi palinso mdani wina wosaoneka: magetsi a m'thupi la munthu, aja amakulasani mukagwira chitseko cha galimoto. Ochepa kwambiri oti simungawamve n'komwe amatha kuvulaza kachipangizo osakapha, n'kudzafa patapita miyezi. Lamba wa padzanja wolumikizidwa pansi ndi matumba apadera osungiramo mabolodi alipo chifukwa cha zimenezi.

Ntchito ikatha, chipangizo chimatuluka ndi satifiketi, FAA Form 8130-3 ya ku America kapena EASA Form 1 ya ku Ulaya, yosayinidwa ndi munthu wovomerezeka wa pamalo okonzera amene ali ndi chilolezo chokonzera za ndege chotchedwa Part 145. Popanda pepalali, jenereta yokonzedwa mwaluso bwanji singaikidwe pandege. Amene akuiika sangathe kuona m'kati. Akukhulupirira siginecha ya munthu amene sadzamuona. N'chifukwa chake zipangizo zachinyengo n'zoopsa kwambiri. Chinthu chotha ntchito chikhoza kutsukidwa, kupentedwa n'kupatsidwa pepala labodza, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mu 1989 ndege ya Partnair ya ku Norway inathyokera m'mwamba pafupi ndi gombe la Denmark, anthu 55 n'kufa, ndipo ofufuza anapeza kuti mabawuti ena ogwira mchira sanali enieni. Malo okonzera osamala akaweruza kuti chinthu chatha ntchito amachidula kapena kuchiphwanya asanachitaye, kuti chisadzabwererenso pamsika.

Ndege zatsopano zikusintha ntchitoyi. Boeing 787 inachotsa mapaipi ambiri a mpweya wotentha wochokera kuinjini n'kuikamo mamota: mpweya wa m'kati, kuteteza mapiko ku ayezi, mabuleki ndi kulizitsa injini, zonsezi ndi magetsi. Ili ndi majenereta anayi a 250 kVA painjini ziwiri ndi ena awiri a 225 kVA pakainjini ka kumchira. Majeneretawa alibenso makina osunga liwiro aja. Amatulutsa mavoliti 235 pa liwiro losinthasintha, ndipo mabokosi a zamagetsi ndi amene amakonza magetsiwo kuti afike pofunika. Mabulashi ndi magiya akuchepa patebulo la wokonza, m'malo mwake mukubwera mabolodi, mapulogalamu a kompyuta ndi madzi oziziritsira. Mavoliti okwerawo amabweretsanso vuto limene mita ya patebulo siiona msanga: mpweya wopepuka wa kumwamba sutchinga magetsi bwino ngati wa pansi pano, motero kampata kapena kamng'alu ka vanishi kamene kapirira mayeso m'chipinda chokonzera kakhoza kuyamba kuthetheka ndege ikakwera.